Wina Awauze Asambizi

LOLEMBA

Foni yalowa m'sutikesi. Sutikesi yalowa pansi pa bedi. Kiyi ali ndi mkazi wanga NyaBanda, ndipo ndamuuza kuti ngakhale ndigwade asandipatse mpaka Lamulungu.

Ndilembe chimene ndikuvutikira, ndingadzaiwale. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala ndikuwerenga zolengeza m'tchalitchi chathu. Ikatha nyimbo yachiwiri ndimaimirira, kukonza tayi, kutsegula buku. Maukwati, maliro, odwala, tsiku lolambula kumanda, ambulera yotayika. Mphindi zisanu ndi ziwiri pa sabata. Chipumireni ntchito ya uphunzitsi, ndi nthawi yokhayo imene anthu amakhala chete ine ndikamayankhula. Kunyumba kuno zimenezo kulibe.

Tsopano achinyamata akuti zolengeza zikutalikitsa mapemphero. Akuti zonse zizipita pa gulupu ya mpingo ya pa foni. Mwini maganizo ndi Temwa, kalaliki wa ku maofesi a boma, mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha kugwira pensulo! Loweruka 9 koloko akulu a mpingo akumana. Temwa akanena ubwino wa intaneti, ine ndikanena kuipa kwake, kenako manja m'mwamba. Ndikagonja, buku langa litsekedwa.

Pofunika umboni. Sabata yathunthu popanda intaneti, kuti Loweruka ndikaime n'kunena kuti ndine pano, sindinafe.

Malamulo:
1. Foni osaigwira.
2. Uthenga uliwonse wa mpingo ndiupereka ndi miyendo, monga kale.
3. M'nyumba muno munthu asandiuze kanthu kochokera pa foni. Kalikonse!

NyaBanda, amene amandiitana Ada monga timaitanira abambo kuno, pa lamulo lachitatu: "Kalikonse, Ada? Olo nyumba ikupsa?" Ndati nyumba ikapsa ndimva utsi. Waseka kaseko kena kamene sindikukakonda.

Poti ndine mphunzitsi, osati wandale, ndalemba mzere pakati pa tsamba. Kumanzere UBWINO, kumanja KUIPA. Ndilemba zoona zokhazokha.

Kuipa:
- Anthu akuyenda makosi ali zyolii ngati nkhuku zachitopa.
- Moni anatha. Munthu akukupatsa dzanja, maso ali pa galasi.
- M'tchalitchi akuti akuwerenga Baibulo pa foni. Ndi Baibulo liti loseketsa chotero?

Ubwino: sindinaupeze.

Masana ndakwera mtunda kwa Ada Chirwa, monga ndimachitira Lolemba lililonse. Anasiya maso ku migodi ya ku Joni, miyendo nayo inakana, kutchalitchi safikanso. Foni alibe. Ndimawawerengera zolengeza za dzulo, ndipo chilichonse amafuna achimve kawiri, ngakhale ambulera. Amandiitana Asambizi, ndiye kuti aphunzitsi, monga imachitira tauni yonse. Lero akuti: "Mukadzasiya kubwera, Asambizi, maliro amene ndidzawamve ndi anga okha."

Dzanja lapita lokha m'thumba kanayi. Lapezamo mpango.

LACHIWIRI

Mvula ya kuno siyang'ana kalendala.

Abusa andipatsa uthenga wa amayi a ku Chikale: tsiku lawo lokolopa tchalitchi lachoka Lachitatu, lapita Lachinayi. Akuti, "Temwa akhoza kungolemba." Ndati miyendo ndili nayo.

Suti yotuwa, ambulera, buku m'khwapa. Potsetsereka paja pomwe madzi adakumba njira, nsapato yakumanzere yaganiza zake. Phuu! Ambulera uko, buku uko, ine chagada m'matope, miyendo kuloza kumwamba.

Panali atsikana awiri. Mmodzi akundidzutsa. Winayo wandiloza ndi foni. Ndayesa kuti akuimbira chithandizo, ndamuthokoza. Ndamuthokoza!

Ku Chikale, mayi wapampando wandilandira bwino, mpando ndi madzi osamba m'manja. Ndapereka uthenga mwadongosolo. Iye: "Yewu, zikomo Asambizi, koma tinamva kale m'mawa pa gulupu. Ndiye zasinthanso, tikolopa mawa lomwe." Ndiye kuti ndathyoka bondo kunyamula uthenga wovunda.

Pobwerera ndadutsa mumsika. Wogulitsa nsomba ya batala: "Bondo lili bwanji, Asambizi?" Wa kaunjika: "Pepani ndi ngozi." Sindinauze munthu aliyense! Woitanira minibasi akuti ndi ku Mzuzu komwe aona. Akuti wina waikamo nyimbo, ndipo ndikugwa, kudzuka, kugwa, kudzuka, motsatira ng'oma. Ine ndinagwa kamodzi kokha. Mboni ndi thalauza.

Zaka zonse ndaphunzitsa ana m'tauni muno, palibe amene anandijambulapo ndili pa bolodi.

Ubwino (monyinyirika): uthenga umafika msanga.
Kuipa: manyazi amafika msanga kuposa uthenga. Kale ukagwa chinali chinsinsi cha iwe ndi matope.

NyaBanda akuseka yekha kukhitchini, mpaka kutsokomola. Ndalowa, wabisa foni m'chitenje. Ndafunsa chavuta n'chiyani. Akuti: "Lamulo lachitatu, Ada."

LACHITATU

Lero palibe choseketsa.

Abusa afika m'mamawa. Yotamu, mwana wa NyaManda, kalipentala uja amagwira ntchito ku Mzuzu, wamwalira mbandakucha kuchipatala kumeneko. Akuti ndipite ndikawauze mayi ake mwa mwambo, asanamve kwina.

Ntchito imeneyi ndimaidziwa. Uthenga wa maliro saponya ngati mwala. Mumapita awiri, mmodzi mayi wachikulire. Mumapeza munthu, kumukhazika pansi, pamkeka osati pampando. Moni kaye. Kenako mumati odwala aja matenda akula. Mumadikira. Mtima wa munthu umatsogola wokha, umakafika kumene mukupita inu musanafike. Akakuyang'anani m'maso, ndiye mumati atisiya. Pamenepo mayi uja amakhala atamugwira kale paphewa.

Ndatenga mayi mmodzi wa mumpingo. Tayenda mosathamanga, monga kuyenera. Kunyumba kulibe, akuti ali kumsika, amagulitsa usipa wouma.

Tisanalowe pageti tamva kulira.

Anthu akusimba motere. Wogula wina watulutsa foni n'kuwaonetsa: "Ama, uyu si mwana wanu?" Chithunzi cha Yotamu ali mu suti ya ukwati wake, pambali pake kandulo ndi mtanda. NyaManda sawerenga. Amwetulira, akuti eya, ndi mwana wanga, taonani kutchena kwake. Kenako afunsa: "Nanga kanduloyu ndi wa chiyani?"

Ayang'ana nkhope za anthu owazungulira. Agwa pomwepo, pamwamba pa milu ya usipa.

Tawapeza ali pansi, usipa uli mbwee m'matope, anthu atazungulira, ndipo awiri atakweza mafoni. Mmodzi ndamulanda ndi dzanja langali, ine mkulu wa mpingo. Sindikulapa.

Waika chithunzicho ndi mnzake wa malemu wa ku Mzuzu, thupi lisanazizire. Masiku ano pali mpikisano wa amene ayambe kulira. Wopambana salandira kanthu, koma amathamangabe.

Kuipa, ndi zilembo zazikulu: MAYI KUMVA IMFA YA MWANA WAKE KWA WOGULA NSOMBA.

Ndilembenso ichi, poti ndinalonjeza zoona. Ndikubwerera kunyumba, penapake mumtima kamawu kakunong'ona kuti mfundo ya Loweruka ndi imeneyi, Temwa sakaitha. Mayi ali chikomokere, ine ndikutola mfundo. Ndachita manyazi kuposa a dzulo aja, ndipo awa palibe amene wawajambula.

LACHINAYI

Tsiku lonse pa maliro. Banja landipempha kulemba mbiri ya malemu. Zimenezi sanaziike pa gulupu, pakadali pano.

Dzanja lamanzere la tsamba langa layamba kundipandukira.

- Mkulu wake wa Yotamu ali ku Joni. Anamva ola lisanathe, ali kale m'basi. Bambo anga atamwalira, kalata inatenga miyezi iwiri kukawapeza amalume ku migodi. Pofika kuno anapeza manda atamera udzu.
- Mlongo wake ali ku Kepi, mapepala sali bwino, akatuluka sadzalowanso. Temwa wagwada pamkeka, wagwira foni pamaso pa NyaManda, mwana ndi mayi aonana nkhope. Chichokereni kumsika dzulo, NyaManda anali asanalawe ngakhale dontho. Mwana uja kuchokera m'kagalasi: "Ama, imwani madzi ndikuona." Amwa. Kapu yonse.

Ndaona ndi maso angawa. Ndiyenera kulemba. Cholembera chalemera ngati khasu.

Chimene chinawagwetsa dzulo ndi chomwe chawamwetsa madzi lero. Ndiye ndichilembe mbali iti? Pa mayeso funso lotere ndikanalichotsa.

Temwa wabwera kudzandipatsa moni, mogwada, manja awiri. Mwanayu ulemu wake ndi umene umandipsetsa mtima. Akanakhala wamwano bwenzi zili zophweka. Akuti: "Asambizi, bondo? Kakanema kaja ndinakachotsa pa gulupu ya mpingo." Ndiye kuti kanafika ndi pa gulupu ya mpingo! Ndiye kuti abusa anaona! N'chifukwa chake dzulo amayankhula nane akuyang'ana denga.

Maliro aikidwa Loweruka m'mawa, basi ya ku Joni ikafika. Msonkhano wathu ndiye kuti usunthira sabata ya mawa. Ndi mmene timachitira nthawi zonse: maliro akagwa, msonkhano umadikira. Ndipo kukakhala kusintha kwina ndidziwa woyamba, popeza wolengeza ndine.

Madzulo kunyumba, NyaBanda akusenda chinangwa choviika, foni ili pambali pa beseni. Yalira. Wapukuta dzanja, wawerenga, wandiyang'ana.
"Ada, pa gulupu alemba kuti..."
"Lamulo lachitatu!"
"Koma izi n'zanu."
"Kalikonse!"
Waika foni pansi. Kenako: "Chabwino, Ada. Yewu." Wabwerera ku chinangwa chake.

Ndikudziwa, ndi za kakanema komwe kaja. Mwina asintha nyimbo. Sindikodwa. Masiku anayi ndatha, atsala awiri. Galu wamkota sakandira pachabe!

LACHISANU

Lero ndi tsiku langa. Uthenga wa tsiku loika maliro uyenera kufika kwa akhristu a kumapiri amene alibe mafoni. Makomo asanu ndi limodzi. Abusa sananditume, koma safunika kundituma. Zaka makumi awiri ndi zitatu ntchito imeneyi ndi yanga.

Podzuka ndapeza shati yanga yoyera ya misonkhano ili pabedi, yosita, tayi pamwamba. Lachisanu! Ndati mayiyu wayamba kusokoneza masiku. Ndavala yoyendera.

Pakhomo wandiimitsa: "Mubwerako isanakwane 2 koloko?" Ndati ndibwerako ntchito ikatha. Akuti, "Ine ndikanakhala inu ndikanabwerako 1 koloko." Ndafunsa chifukwa. Wangotukula zala zitatu. Ndati ndiye zitsitse. Kukalamba kwa akazi kumayambira pa zinthu zotere.

Zotsatira za ulendo:
- Khomo loyamba: anamva kale, mdzukulu ali ndi foni.
- Khomo lachiwiri: chimodzimodzi. Afunsa za bondo.
- Lachitatu: kulibe anthu, ali kale ku maliro.
- Lachinayi: galu.
- Lachisanu: anamva kale, ndipo andiuza ineyo kuti basi yadutsa pa chipata cha dziko. Wobweretsa uthenga kuchoka atanyamula uthenga!

Khomo lachisanu ndi chimodzi, kwa Ada Chirwa. Sanamve chilichonse. Kuyambira Lachitatu tauni yonse ikulira, anthu a ku Kepi akulira, munthu wokhala pamtunda woonekera kumsika sakudziwa. Intaneti imafika kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, koma mtunda uwu imaulephera.

Ndachita monga mwa mwambo. Moni. Odwala aja matenda akula. Ndadikira. Dzanja lawo likusisita mkono wa mpando. Kenako eni ake: "Yotamu wapita, eti?" Ndati watisiya. Mpando umene akhalirawo anawakhomera ndi Yotamu, ndipo anakana malipiro. Alira pang'onopang'ono atandigwira dzanja. Palibe amene wagwa pansi.

Ntchito yake ndi imeneyi. Izi ndi zimene ndikawauze akulu a mpingo.

Ndawawerengera mawu anga a pa msonkhano kuti ndiyesere. Masamba anayi. Pa tsamba loyamba akuti ameni. Pa lachitatu agona. Ndamaliza ndithu, ndawerengera nkhuku.

Ndatsika cha m'ma 4 koloko. Podutsa patchalitchi ndaona njinga, anthu akutuluka, akulu a mpingo angapo ali m'majekete. Zokonzekera maliro, mosakayika. Ndakweza chipewa. Abweza moni wa theka. Abusa atanganidwa ndi chingwe cha nsapato.

Kunyumba shati ija yachoka pabedi, yabwerera pa hang'ala. NyaBanda sakuseka lero. Wandiwonjezera nsomba popanda kupempha.

Tsiku limodzi latsala. Ndapambana!

LOWERUKA

Taika Yotamu.

Mbiri ndawerenga bwino, mawu osanjenjemera. NyaManda amagwedeza mutu pa chiganizo chilichonse. Mkulu wake wafika fumbi la ulendo lili m'tsitsi. Mlongo wake amaonera ali ku Kepi, Temwa atakweza foni mpaka dzanja kuuma. Dothi loyamba likugwa, kulira kwina kumachokera m'kafoni. Ndalemba kumanzere. Sindikutsutsanso.

Tikusamba m'manja pochoka kumanda, Temwa wagwada pambali panga.
"Asambizi, dzulo tinakudikirani mpaka 3 koloko."
Dzulo? Kuti?

Msonkhano sunapite sabata ya mawa. Unabwerera m'mbuyo, Lachisanu 2 koloko, chifukwa abusa sabata ya mawa achokapo. Analengeza liti? Lachinayi madzulo. Analengeza kuti?

Ndisalembe n'komwe.

Manja anakwera onse kupatula awiri, ndipo awiriwo sikuti amagwirizana nane, amangoti tidikire mwini wake. Zolengeza zipita pa gulupu kuyambira mawa.

Chondipweteka kwambiri si chimenecho. Temwa akuti poona kuti sindikubwera, anaima n'kunenanso mbali yanga, "monga mukananenera inuyo, Asambizi." Anasimba za NyaManda ndi kandulo. Akulu anakhudzidwa, ndipo aika lamulo lakuti munthu asaike uthenga wa imfa pa gulupu abale asanauzidwe pamaso. Mfundo yanga! Imene ndinaitola mumsika ndi manyazi onse aja! Yagwira ntchito m'kamwa mwa mdani wanga, pa mphindi ziwiri, ine ndikuwerengera nkhuku.

Ndinamuphunzitsa bwino mwanayu. Ndilo vuto lake.

Masamba anayi ali m'thumba la jekete, anyowa ndi thukuta. Ndati, "Zikomo, mwanangu." China ndikanati chiyani pamaso pa anamfedwa?

Kunyumba sindinafunse kanthu, koma NyaBanda wayamba yekha: "Ndinayesa Lachinayi. Shati ndinasita. Nthawi ndinatchula. Munkafuna ndiimbe ng'oma?" Ndati ukanaphwanya lamulo. Akuti: "Zaka makumi anayi mukundiuza kuti sindimvera. Ndamvera kamodzi kokha, mwaona zotsatira zake."

Wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Mwambi umenewu ndaulemba pa bolodi kosawerengeka. Sindinkadziwa kuti ndikulemba mbiri yanga.

LAMULUNGU

Nyimbo yachiwiri yatha. Maondo aimirira okha, ndi lopweteka lomwe. Ndili pakati, osakhala osaima, abusa akuti: "Zolengeza zonse zili pa gulupu." Ndanamizira kukonza thalauza, ndakhala. Kumbali ya amayi, NyaBanda akuyang'ana m'buku la nyimbo lotseka.

Mphindi zisanu ndi ziwiri zimene apulumutsa, abusa aziwonjezera pa ulaliki. Aikapo ndi zina khumi zapamwamba. Achinyamata, zikomo kwambiri!

Potuluka anthu andigwira dzanja mwaulemu, ngati wofedwa. Mayi wina wandinong'oneza kuti wataya ambulera, auze ndani? Ndati auze foni.

Kunyumba kiyi ndamupeza patebulo. Sutikesi, foni, moto. Yalira ngati mwana wosiyidwa, mauthenga kukhuthuka osaleka.

Kakanema ndakaona. Ndinene zoona, nyimbo anasankha bwino. Ndakaonera katatu.

Mwana wanga wamkazi wa ku Joni anatumizanso kake: mdzukulu wanga wayamba kuyenda. Lachiwiri, tsiku lomwe agogo ake amagwa. Masitepe atatu, kenako pansi, kenako kuseka. Nkhani imeneyi yagona m'sutikesi masiku asanu, ndipo NyaBanda anaisunga m'kamwa chifukwa cha lamulo langa. Aka sindinawerenge kuti ndakaonera kangati.

Kenako ndaupeza uthenga wa Lachinayi, wosintha msonkhano. Pansi pake Temwa analemba: "Chonde wina awauze Asambizi, sabata ino sali pa intaneti."

Pansi pa mawu amenewo, tizala toloza kumwamba. Mzere wonse. Akulu a mpingo, amayi, a kwaya, ndi abusa omwe. Wina anawonjezera: "Zoona, awauze." Wina manja opemphera. Anthu onsewo anavomera ndi chala, ndipo panalibe phazi ndi limodzi lomwe loponda pakhomo panga. Ena mwa iwo nyumba zawo ndikuziona ndili pakhonde pano.

Ndinayamba kukwiya, koma mkwiyo wathera panjira. Akanatuma ndani? Mumpingo muno, munthu wopanda foni akafunika kuuzidwa kanthu, amene amapita ndine.

Tsamba lija ndaliyang'ana komaliza. Kumanzere kwadzaza, kumanja kwadzaza, zina zakwera pamzere penipeni. Sindiwonkhetsa. Palibe amene akufunsanso yankho, ndipo ine ndatopa. Zikundiwawa, ndisabise. Foni yabwerera m'thumba, dzanja lasiya kufufuza.

Tsopano ndakhala patebulo, magalasi pamphuno, foni kumanzere, buku langa lakale kumanja. Ndikukopera zolengeza za pa gulupu ndi cholembera, chimodzichimodzi. Ambulera ya mayi uja ndaiwonjezera ndekha.

Mawa ndi Lolemba. Ada Chirwa akhala atatulutsa kale mpando wa Yotamu pakhonde. Cholengeza choyamba pa tsamba n'chakuti zolengeza zinatha.

Adzafuna ndiwerenge kawiri.